Mpanda wa magetsi ungasunge mathole pa msipu, koma chinsinsi chili m'nthaka

Mlimi aliyense wa ng'ombe amadziwa kuti thole ndi lovuta kulisunga pamalo amodzi. Limadutsa pansi pa waya amene amaletsa make, limalowa m'dimba la mnansi, ndipo likasochera limagwidwa ndi agalu kapena afisi. Mpanda wa magetsi, umene anthu ambiri m'chigawo chino amaudziwa ngati chotchingira njovu m'malo osungira nyama zakutchire monga Majete ndi Liwonde ku Malawi, ungathenso kuthandiza pa vuto limeneli.

Luso lake linakhwimira ku New Zealand, kumene mlimi Bill Gallagher anayamba kupanga mipanda yotere m'zaka za m'ma 1930. Mpandawu suletsa chiweto chifukwa cha kulimba kwa waya. Umachiletsa ndi mantha. Kabokosi kotchedwa energizer, koyendera batire, sola kapena magetsi a m'nyumba, kamatumiza mavolti masauzande angapo m'waya pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo mphamvuyo imatha m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kufupika kumeneku ndiko kumachititsa kuti thole limve ululu n'kubwerera m'mbuyo osavulala.

Chifukwa cha ichi, waya wa mpanda sayenera kulumikizidwa mwachindunji ku magetsi a m'nyumba popanda kabokosiko, pakuti magetsi otero amapha chiweto ngakhale munthu. Waya waminga nayenso sayenera kuikidwa magetsi, chifukwa thole kapena mwana akakodwa m'mingamo sangathe kuthawa.

Ng'ombe yaikulu imaletseka ndi waya mmodzi. Mathole amafuna mawaya osachepera awiri, wina pa masentimita pafupifupi 45 kuchoka pansi, winayo pa masentimita 80 mpaka 90, ndipo mphamvu yake isatsike pansi pa mavolti 3,000. Cholinga n'chakuti thole likhudze waya ndi mphuno, imene ndi yonyowa ndiponso yopanda ubweya. Likayamba lalowetsa mutu pansi pa waya n'kugwidwa ndi magetsi pamsana, limathamangira kutsogolo, ndipo mpanda wagonja.

Choncho mathole amayenera kuphunzitsidwa. Amaikidwa masiku awiri kapena atatu m'khola lolimba limene m'kati mwake mwamangidwa waya wa magetsi wooneka bwino. Thole ndi lachidwi, limapita lokha kukanunkhiza, ndipo phunzirolo sililiiwala msanga. Kutulutsira mathole osaphunzira ku busa lalikulu, makamaka amene angoleka kuyamwa ndipo akumva kulira kwa amawo patsidya, n'kuyembekeza zambiri kwa waya wochepa thupi.

Pamene mipanda yambiri imalephera ndi pansi. Magetsi amayenera kuyenda ulendo wozungulira: kuchoka m'kabokosi kulowa m'waya, kudutsa m'thupi la thole, kutsikira m'nthaka kudzera m'mapazi, kenaka kubwerera ku kabokosi kudzera m'zitsulo zokhomeredwa pansi. Ulendowu ukaduka, thole silimva kanthu ngakhale kabokosi kakhale kodula chotani. Opanga zipangizozi amalangiza zitsulo zosachita dzimbiri zosachepera zitatu, zotalika pafupifupi mamita awiri, zotalikirana mamita atatu, zokhomeredwa pamalo a chinyezi.

Malangizo ambiri ochokera kumayiko a mvula ya chaka chonse amathera pomwepa. Koma ku Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique nthaka imauma gwa mu September ndi October, ndipo dothi louma, makamaka lamchenga, silitumiza bwino magetsi. Mpanda umene unali woopsa mu February umasanduka chingwe wamba. Njira yake ndiyo kusinthanitsa mawaya: wina wa magetsi, wotsatira wolumikizidwa ku zitsulo za pansi zija, kuti thole likakhudza onse awiri limve ululu mosadalira nthaka. Dzinja nalo lili ndi vuto lake, pakuti udzu wonyowa ukakhudza waya wam'munsi umaba mphamvu, ndipo uyenera kumwetedwa kawirikawiri.

Phindu lenileni ndi lakuti mpandawu umasuntha. Mlimi angagawe busa m'tizigawo n'kumasamutsa mathole pakatha masiku atatu kapena anayi, mazira a njoka za m'mimba amene agwa m'ndowe asanasanduke timphutsi totha kulowanso m'chiweto. Ena amakweza waya wa kutsogolo kuti mathole adutse pansi pake n'kukadya msipu wanthete ng'ombe zazikulu zisanaupondeponde. Izi sizilowa m'malo mwa mankhwala a njoka kapena dibi la nkhupakupa, komanso kachigawo kalikonse kayenera kukhala ndi madzi ndi mthunzi.

Njirayi si ya aliyense. Pa malo odyetsera a mudzi wonse munthu sangangomanga mpanda popanda kumvana ndi amfumu ndi anansi, ndipo batire ndi sola zosiyidwa kubusa zimakopa akuba. Imayenera mlimi amene ali ndi malo akeake ndiponso amene angayende m'mbali mwa waya tsiku lililonse ndi kachipangizo koyezera mavolti, kuyambira kumapeto kwa mpanda, kutali ndi kabokosi, kumene mphamvu imayamba kuchepa.