Charles Martel: Nduna Imene Inalamulira Popanda Chisoti Chachifumu

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 700, ufumu wa Afulanki, umene unali m'dera limene lero kuli France, Belgium ndi kumadzulo kwa Germany, unali ndi mafumu a banja la Merovingian amene anangotsala ndi dzina, chifukwa mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa mkulu wa kunyumba yachifumu, nduna imene inkayang'anira chuma, minda ndi asilikali. Munthu amene anakuza kwambiri udindowu ndi Charles Martel, amene anabadwa cha m'ma 688.

Bambo ake, Pepin wa ku Herstal, anali pa udindo womwewo, koma Charles sanali mwana wa kunyumba yaikulu, popeza mayi ake anali Alpaida. Pepin atamwalira mu 714, mkazi wamkulu, Plectrude, anatsekera Charles m'ndende ku Cologne kuti udindo ukhale wa mdzukulu wake, Theudoald. Charles anathawa, nasonkhanitsa ankhondo a ku Austrasia, chigawo chakum'mawa cha ufumuwo, ndipo anagonjetsa adani ake a ku Neustria, chigawo chakumadzulo, pa nkhondo za ku Amblève mu 716 ndi ku Vincy mu 717.

Ulamuliro wake unakhazikika pa nthaka. M'nthawi imene ndalama zinali zosowa, iye ankagawira ankhondo ake minda, ina mwa iyo yotengedwa ku Mpingo, ndipo wolandirayo ankayenera kubwera ndi zida zake akaitanidwa kunkhondo. Ngakhale kuti atsogoleri a Mpingo anamudzudzula pambuyo pake chifukwa cha zimenezi, iye anatetezanso amishonale Willibrord ndi Boniface pa ntchito yawo ku Frisia ndi ku Germany.

Ambiri amamukumbukira chifukwa cha nkhondo ya mu 732, pakati pa Tours ndi Poitiers, kumene anagonjetsa asilikali achisilamu ochokera ku Spain, ndipo mtsogoleri wawo, Abd al-Rahman al-Ghafiqi, anafera pomwepo. Komabe umboni waukulu wa mphamvu zake unaoneka mu 737, pamene Mfumu Theuderic IV anamwalira ndipo Charles sanalonge mfumu ina, koma analamulira yekha kufikira imfa yake ku Quierzy mu 741.

Mwana wake, Pepin, anakhala mfumu mu 751, ndipo mdzukulu wake, Charlemagne, anavekedwa chisoti ku Rome mu 800. Onsewa anamanga pa maziko a munthu amene sanatchedwepo mfumu, koma anagwirizanitsa ufumu umene unali utatsala pang'ono kugawanika.