Waya Wamoto M'switchi ya Getsi

M'boma la Chikwawa muli mathithi a Kapichira, pamtsinje wa Shire. Makina opanga magetsi pamalopa anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000. Bungwe la ESCOM ndilo limafikitsa magetsi m'nyumba za anthu ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje. Magetsi a m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavoti 230. Mphamvuyi imatha kupha munthu.

Magetsi amayenda m'mawaya atatu, ndipo waya aliyense ali ndi mtundu wake. Waya wofiira amabweretsa magetsi. Ameneyu ndiye amatchedwa waya wamoto. Waya wakuda amabweza magetsi kumene anachokera. Waya wobiriwira amathawitsira magetsi m'nthaka ngati china chake chalakwika. Mawaya amakono ali ndi mitundu ina: wamoto ndi wabulauni, wobweza ndi wabuluu, ndipo wam'nthaka ndi wobiriwira wa mizere yachikasu.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtundu wa waya umatha kunyenga munthu, makamaka pa switchi ya getsi. M'nyumba zambiri, kuchokera kudenga kumatsika mawaya awiri opita ku switchi, wofiira ndi wakuda. Wofiira amatsitsa moto. Munthu akayatsa switchi, motowo umalowa m'waya wakuda n'kukwera nawo kukayatsa babu. Motero waya wakuda ameneyu nayenso ndi wamoto.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amakulunga tepi yofiira kunsonga zonse ziwiri za waya wakudayo. Ngati wayayo ndi wabuluu, amakulunga tepi yabulauni. Chizindikirochi chimachenjeza mmisiri wina amene adzatsekule switchiyo m'tsogolo, mwina patapita zaka zambiri.

Mmisiri wanzeru sakhulupirira maso okha. Asanagwire waya, amayamba wazimitsa switchi yaikulu ya nyumba yonse, kenaka amayeza waya aliyense ndi kachipangizo koyezera magetsi. Iye amadziwa kuti ngakhale babu litazima, waya wofiira amakhalabe ndi moto.

M'chigwa cha Shire madzi amasefukira kawirikawiri, monga zinachitikira m'chaka cha 2015 ndiponso cha 2023. Magetsi amadutsa mosavuta m'madzi, choncho switchi ya pakhoma lonyowa ndi yoopsa kwambiri.

Mwana sayenera kutsekula switchi kapena kuigwira ndi manja onyowa. Akaona switchi yosweka kapena waya wosendeka, atalikirepo ndi kukauza makolo kuti aitane mmisiri wovomerezeka.

Mafunso

1. Kodi waya wamoto amakhala wa mtundu wanji?
2. N'chifukwa chiyani mmisiri amakulunga tepi yofiira pawaya wakuda wa pa switchi?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene mmisiri amachita asanagwire waya.
4. Kodi mwana achite chiyani akaona switchi yosweka?