Wa ku Joni pa thiraki: matola odutsa mayiko anayi

Pa chipata cha Mwanza, mathiraki akandanda kudikira mapepala, pamaoneka achinyamata a kachikwama kumsana akuzungulirazungulira magalimotowo. Iwowa akusaka dalaivala woti awatengeko mpaka ku Johannesburg, mtunda wa makilomita oposa 1,600 kuchokera ku Blantyre.

Ku Ulaya munthu amatukula chala pamsewu n'kukwera ulele. Kuno matola ndi malonda. Dalaivala ndi wokwera amanenerera mtengo chapansipansi kuseri kwa thiraki, ndipo kawirikawiri umatsikirapo poyerekeza ndi wa basi. Wokwerayo amakhala pakabedi ka kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, pakati pa mabulangete, zigubu za madzi ndi kapoto kophikira nsima.

Njirayo ndi yodziwika. Akadinditsa pasipoti pa Zobue, amatsetserekera ku Tete, komwe kutentha kwake sikunamizira, n'kuwoloka Zambezi. M'chigawo chimenechi Mmalawi sasowa chonena, pakuti Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale. Kenako ndi Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Basi imadutsa ndi anthu ake, koma thiraki imayendera katundu: mapepala akavuta kapena mzere ukatalika, itha kugona pa chipata masiku angapo, wokwerayo akudya kandalama kamene amati akayambire moyo ku Joni. M'thumba namo muyenera kusinthasintha, kuchoka pa kwacha kupita pa metikali, dola, kenako randi.

Msewuwu ndi wa makolo. Kale amuna ena ankalembedwa ndi bungwe la Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, pomwe ena ankanyamuka paokha, wapansi ndi wa matola, ulendo umene unkatchedwa wa selefu. Ambiri anatchona komweko. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu Banda anaimitsa Wenela. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, magalimoto ankadutsa ku Tete pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe.

Chovuta cha matola n'chakuti pangano lake ndi la pakamwa. Palibe tikiti, dzina la wokwera silinalembedwe paliponse, ndipo makampani ambiri amaletsa madalaivala awo kunyamula anthu. Ngozi ikachitika, abale kumudzi sadziwa n'koyambira komwe. Madalaivala ambiri ndi anthu abwino amene amagawana nsima ndi mlendo wawo, koma mtsikana amene ali yekha usiku pakati pa tchire alibe kothawira akakumana ndi woipa mtima.

Zimafika poipitsitsa munthu akakhala wopanda pasipoti, chifukwa amasanduka katundu wobisa. M'mwezi wa Malichi 2020, akuluakulu a boma m'chigawo cha Tete anatsekula kontena ya thiraki yochokera ku Malawi n'kupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha. Ena opanda pasipoti amatsitsidwa Beitbridge isanakwane kuti awoloke Limpopo mozemba, komwe kuli ng'ona ndi achifwamba otchedwa magumaguma.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Mmalawi wa pasipoti amaloledwa kulowa mu South Africa masiku 30 popanda viza. Amene watsimikiza za ulendowu ayambe wapeza pasipoti, atumize nambala ya thirakiyo kwa m'bale asananyamuke, ndipo asalole kutsekeredwa kumbuyo, ngakhale mtengo utatsika chotani.