Atomu ikakhala pampando kapena mkanjira

Mu kompyuta yokhala ndi hard disk, ntchito inagawidwa pawiri: tchipi ya silicon imawerengera, maginito amasunga zithunzi ndi nyimbo zanu. Nanga chinthu chimodzi sichingachite zonse ziwiri? Mu 1996, Hideo Ohno ndi anzake ku Tohoku University ku Japan anathira manganese pang'ono mu semiconductor yotchedwa gallium arsenide, ndipo inasanduka maginito. Koma panali vuto: imagwira ntchito pokhapokha ikazizira kwambiri. Pofika 1998 anali atafika pa 110 K, omwe ndi -163°C.

Kuti timvetse bwino, taganizirani za kalasi yanu. Mu kristalo, maatomu amakhala mwandondomeko ngati ophunzira pamadesiki. Atomu ya manganese ikakhala pampando wa gallium, imabweretsa zinthu ziwiri: timaginito take tating'ono, komanso malo osowa elekitironi omwe asayansi amati hole. Ma hole amenewa amayendayenda m'kristalo monse n'kumachititsa kuti timaginito tonse tiloze mbali imodzi.

Koma manganese wina sapeza mpando, amangokhala mkanjira pakati pa madesiki. Ameneyu ndiye wosokoneza. Amatulutsa maelekitironi awiri omwe amatseka ma hole awiri, ndiye mphamvu ya maginito imachepa. Mwaona? Atomu ndi yomweyo, kusiyana ndi pomwe yakhala basi.

Mankhwala ake ndi osavuta kumva. Asayansi amatenthetsa kristaloyo pa 200°C kapena chapomwepo kwa maola angapo. Manganese wamkanjira amasuntha mpaka kufika pamwamba, pomwe wapampando amatsala. Njira imeneyi inathandiza kukweza malire aja kufika pafupifupi 200 K, kapena kuti -73°C.

Palinso nkhani ya mbali. Kugawa nkhuni motsata mitsempha yake n'kosavuta kusiyana ndi kuidula mopingasa. Maginito a mu kristalo alinso ndi mbali yomwe amaloza mosavuta, ndipo khalidweli limatchedwa magnetic anisotropy. Kristaloyi ikamangidwa pamwamba pa gallium arsenide wamba imapanikizika, ndipo nthawi zambiri maginito amagona chammbali. Ikamangidwa pa indium gallium arsenide imakokeka, maginito n'kuimirira. Kuchuluka kwa ma hole nakonso kumasintha mbali imeneyi, choncho manganese wamkanjira uja amalowererapo. Izi n'zofunika chifukwa posunga uthenga, mbali imodzi imaimira 0, ina 1. Mu 2008 gulu la Ohno linaonetsa kuti mbaliyi ingasinthidwe ndi voteji.

Komabe -73°C ndi kozizira kuposa firiji ya kunyumba iliyonse, n'chifukwa chake kristaloyi mulibe mu foni yanu. Asayansi akufufuzabe semiconductor yomwe ingakhale maginito amphamvu pa kutentha kwa m'thumba mwanu. Mukamadzajambula maatomu m'kope la Chemistry, dzifunseni kuti: imodzi itachoka pamzere, chingasinthe n'chiyani?