Ulendo wokangoona phiri

Nditaimbira foni amayi kumudzi n'kuwauza kuti mawa ndikukwera basi kukaona phiri, anayamba akhala chete. Kenako anafunsa: "Kuphiriko kuli ndani?" Ndinati kulibe munthu, ndikungofuna ndikalione. "Ndiye mukaliona, mutani nalo?" Amayi anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo kwa iwo munthu amapita kuphiri ali ndi chifukwa: nkhuni, udzu, bowa, mankhwala azitsamba. Koma kutaya ndalama ya basi chifukwa cha maso okha, ayi ndithu.

Unali mwezi wa Januwale, ndili ku Tokyo. Kwathu anthu ali kalikiliki kubandira chimanga, kuno mphepo ikuluma makutu ngati ili ndi mano. Basi inanyamuka pa depoti ya Shinjuku, ndipo patatha maola ngati awiri tinatsika ku Kawaguchiko, imodzi mwa nyanja zisanu za kumpoto kwa phiri la Fuji. Sindinafunse njira. Ndinangotembenuka, ilo lili apo: chulu chimodzi chachikulu, chosalala mbali zonse, ngati wina wachikhuthulira lichero la ufa woyera pamutu. Kutalika kwake ndi mamita 3,776. Sapitwa wathu ndi 3,002, koma iye amabisala pakati pa nsonga zinzake, moti ambiri obadwira pansi pake sangamuloze ndi chala.

Chodabwitsa n'chakuti nyengo imene Fuji amaoneka bwino ndi yomweyo imene saloledwa kukweredwa mwachisawawa. Njira zake zimatsegulidwa mu Julayi n'kutsekedwa kumayambiriro kwa Seputembala, nthawi yomwe mitambo imakonda kulifunditsa. M'chisanu mpweya umauma, kumwamba kumayera mbee, anthu n'kumabwera miyandamiyanda kudzangoima patali. Kwathu n'zosiyana: mvula ikatha, miyala ikasiya kuterera, m'pamene alendo ndi onyamula katundu awo amanyamuka pa Likhubula, bola chiperoni chisawapeze m'njira.

Ndinakwera masitepe pafupifupi 400 opita ku kansanja kofiira ka Chureito, m'tauni ya Fujiyoshida, mphuno ikuchucha, zala zitauma gwa m'magolovesi. Chakumunsi kuli kachisi, ndipo pamenepo ndinaima nthawi yaitali kuposa pamwamba. Gogo wina wamkazi anaponya kandalama m'bokosi, anawerama kawiri, anaomba m'manja kawiri, n'kuweramanso. Kuomba m'manja kumeneko kunandifikitsa kwathu. Ajapani nawonso phiri lawo lili ndi eni ake osaoneka. Akachisi otchedwa Sengen amalambira mzimu wa phirili, ndipo nsonga yeniyeniyo ndi malo a kachisi wamkulu wa ku Fujinomiya, osati a boma. Mpaka m'chaka cha 1872 akazi ankaletsedwa kukwera.

Ife tinakula tikumva kuti ukapeza chakudya chofunda pathanthwe kuphiri, udye wekha, osaitana mnzako. Tinamva za Dziwe la Nkhalamba, ndi za anthu amene anakwera osabwerako. Dzina loti Sapitwa ndi chenjezo kale palokha. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwa mizimu yawo anaimangira chipata ndi denga, moti bwana wovala suti amaiweramira masana dzuwa likuswa mtengo, pamene ife timainong'ona madzulo pamoto, kuopa kuti akulu ampingo angamve. Komabe bungwe la UNESCO linaika mapiri onse awiriwa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu ake, Fuji mu 2013, Mulanje mu 2025.

Onse ndi mapiri oopedwa. Fuji analavula moto komaliza mu 1707, phulusa lake n'kukagwa mpaka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo. Lathu silidziwa moto, limadziwa napolo, ndipo amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 safuna kukumbutsidwa.

Masana ndinalowa m'kanyumba kodyera, ndinaitanitsa hoto, chakudya cha m'derali. Anabweretsa mphika wachitsulo ukubwatabe, muli timizere tonenepa ta ufa wa tirigu, masamba ndi zibenthu za dzungu. Dzungu lenileni, lofumbutuka ngati la m'munda mwa agogo. Tiyi wake anali wobiriwira, wopanda shuga ndi mkaka. Kuseri kwa phirili, ku Shizuoka, kuli minda ya tiyi yoyalana m'mizere, chithunzi chimene munthu wa ku Mulanje angalumbire kuti ndi pa esiteti yakwawo.

Sikuti zonse n'zosiririka. Phiri lotchuka limaitana ntchentche. Mu 2024 akuluakulu a tauni ya Fujikawaguchiko anatopa ndi alendo odumpha msewu chisawawa pofuna kujambula Fuji ali pamwamba pa denga la sitolo ina, mpaka anaimika chinsalu chakuda kuti phirilo lisaoneke pamalopo. Chaka chomwecho akuluakulu a chigawo chonse anayamba kulipiritsa okwera njira ya Yoshida, n'kuika malire a anthu 4,000 patsiku. Inenso ndinali ntchentche imodzi, foni m'mwamba, kukankhana mapewa ndi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana.

Chimene chinandipweteka mtima ndi nkhalango ya m'munsi mwake, yothithikana, nthambi zouma zitangogwa pansi popanda wozitola. Ndinakumbuka mkungudza wathu, mtengo wa fuko, umene macheka aumaliza pafupifupi wonse. N'kosavuta kunena kuti Ajapani amakonda phiri lawo kuposa ife. Ine sindikuvomereza. M'nyumba zonse zozungulira Fuji amaphikira gasi kapena magetsi, ndipo palibe mayi amene amayang'ana nkhalangoyo akuganiza za nsima ya madzulo. Kuona phiri ngati chithunzi kumayamba pamene moto wa kukhitchini sukulidaliranso.

Dzuwa linalowa msanga, isanakwane 5 koloko, ufa wa pamutu paja n'kusanduka wofiirira. Ndili m'basi ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp ya mlongo wanga kuti akawaonetse amayi. Yankho linabwera m'mawa mwake, mawu ojambulidwa, kumbuyo kukumveka tambala.

"Ndaliona. N'lokongola ndithu. Koma lili lokhalokha chonchi, lilibe abale? Nanga madzi akumwa anthu amatunga mbali iti?"