Magetsi Afike Kumudzi

Damu la Cahora Bassa lili pa mtsinje wa Zambezi, pafupi ndi Songo, m'chigawo chathu cha Tete. Analimanga Apwitikizi, ndipo linatha mu 1974. Mu 2007 dziko lathu linatenga ulamuliro wa damuli.

Magetsi ambiri a pamenepo amagulitsidwa ku South Africa. Mawaya ake amayenda makilomita oposa 1,400. Koma midzi yambiri ya m'Tete muno ikadali mumdima.

Nanga mlimi amataya chiyani? Popanda magetsi chigayo chimayendera dizilo, ndiye kugayitsa kumadula. Dimba timathirira ndi ndowa. Mkaka umasasa tisanaugulitse. Usiku timaphunzira ndi nyali ya palafini.

Anzathu, mtsinje ndi wathu. Sitikupempha mphatso ayi. Tikufuna gawo lathu.

Mutu umodzi susenza denga. Tikumane ku koperativa. Tiwerenge mabanja a m'mudzi mwathu ndi matumba amene timakolola. Tsopano tikudziwa kulemba, tilembe zonsezi m'kalata ndi kupita nayo ku distrito.

Tikambirane: magetsi akafika, ayambire kuti, kuchigayo kapena kusukulu?