Adandipatsa wotchi, ine ndidakumbuka thangata

Kalata yake idalembedwa ku Blantyre pompa, koma kuti indipeze ine pa Mbulumbuzi idayamba yazungulira ku Johannesburg. Achemwali anga amene akugwira ntchito kumeneko ndiwo adanditumizira pa WhatsApp usiku, n'kulemba mawu owerengeka pansi pake: "Achimwene, eni mbumba ndinu. Muone chochita."

Nkhani yake ili motere. Mwana wa achemwali angawo, mtsikana wa zaka 12, amakhala ndi achibale ku Limbe ndipo adalowa kalabu ina ya ana osambira ku Blantyre. Dzina la kalabuyo ndilisunga. Mwanayu m'madzi ndi nsomba. Adazolowera akadali wamng'ono potsatira amayi ake kochapa kumtsinje kwathu kuno. Tsono kalata ija inkanena kuti banja lililonse lokhala ndi mwana m'timu liyenera kutumiza munthu wamkulu mmodzi kukagwira ntchito yodzipereka pa mipikisano itatu pa chaka. Wolephera alipire chindapusa. Wolephera zonse ziwiri, mwana wake salembedwa pa mpikisano wotsatira.

Ndidawerenga kawiri, mawu awiri n'kundiima pakhosi: kudzipereka ndi chindapusa. Kodi ziwirizi zimagona nyumba imodzi? Ndidawayankha achemwali kuti uyu ndi thangata basi, wangovala kabudula wosambirira.

Mundimvetse awerengi, munthu wa ku Chiradzulu satchula mawu amenewa mwachibwana. Ndi kuno, cha ku Magomero, kumene kudali esiteti ya A.L. Bruce. Makolo athu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankauzidwa kuti agwire mwezi umodzi wolipirira malo okhalapo ndi mwezi wina wa msonkho, koma miyezi iwiriyo inkatalika malinga ndi m'mene mwini munda wafunira. John Chilembwe, amene adakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900, adaziona zimenezi ndi maso ake. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, ndipo Chilembwe naye adaphedwa pa 3 Febuluwale. Thangata adadzathetsedwa mwalamulo mu 1962. Chowawa n'chakuti mawuwo pachiyambi adali abwinobwino. Kuthangata n'kuthandiza, monga muja anthu ankathandizirana kulima kapena kufolera nyumba, pomaliza n'kukhala pansi kumwa thobwa. Eni maesiteti adangotola mawu a chibale n'kuwamangirira chikoti.

N'chifukwa chake titavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993, n'kusintha boma mu 1994, ambirife tidataya khasu la chitukuko pamodzi ndi khadi la chipani. Sabata ya achinyamata ija ya nthawi ya Kamuzu idathera pomwepo. Amfumu akamema anthu kukaumba njerwa za sukulu, yankho lidali lakuti, "Thangata anatha, boma ligwire." Chonsecho ndi mu 1994 momwemo pamene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ana olembetsa n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ndisabise, ine ndemwe ndidali mmodzi mwa anyamata okana chikombole aja, ndipo ndinkaona ngati ndikuteteza demokalase.

Komabe mbumba ndi mbumba. Chindapusa chija chikadatuluka m'ndalama zimene achemwali amatumiza za fizi, choncho Loweruka lake ndidadzuka tambala woyamba, kukwera minibasi mpaka Limbe, ina mpaka m'tauni, kotsalako wapansi.

Nditafika ndidalunjika kwa mphunzitsi wa timuyo, mayi wachitsikana ndithu, n'kumuuza maganizo anga onse aja a thangata. Adaseka mwaulemu. "Amalume, walira mvula walira matope. Taimani apa kaye muone, tikambirana pomaliza." Atatero adandikoleka wotchi m'khosi.

Ine mpikisano ndinkaudziwa wa mpira: oimbira mmodzi, onyamula mbendera awiri, basi masewera ayambe. Kusambira si choncho. Dziwe lija n'la mamita 25, logawidwa ndi zingwe m'tinjira tisanu ndi kamodzi, ndipo popeza palibe makina ojambula nthawi, kanjira kalikonse kamafuna anthu atatu a wotchi. Amenewo ndi anthu 18 kale. Onjezanipo woyambitsa mpikisano, wamkulu wa oweruza, oyenda m'mbali kuona ngati mwana akusambira motsata malamulo, oima kumapeto kuona m'mene akutembenukira, wolemba nthawi, ndi amayi awiri atatu amene ntchito yawo n'kusaka ana n'kuwandandalika pa mabenchi, poti mwana wa zaka 8 ukangomuphethira wapita kogula zitumbuwa. Onsewa kuwalemba ganyu, ndalama yolowera m'kalabu ikadakwera mpaka mwana ngati wathuyu sakadaponda n'komwe pa geti.

Wotchi imayambidwa chizindikiro chikangolira, n'kuimitsidwa pamene mwana wakhudza khoma. Zooneka zophweka. Ulendo woyamba ndidatengeka n'kuonerera m'mene ana adadumphira, chala n'kuchedwa. Anzanga awiri aja sadakalipe. Lamulo lake, adandiuza, n'lakuti mawotchi awiri akagwirizana nthawi ndi imeneyo, ndipo onse atatu akasiyana amatenga yapakati. Ndiye kuti amene adakonza malamulowa ankadziwa kale kuti pa anthu atatu mmodzi adzakhala ngati ine.

Musaone ngati n'zochepa. Pa masewera a Olimpiki a ku Rome mu 1960, pa mpikisano wa amuna wa mamita 100, mawotchi atatu a Lance Larson wa ku America adaonetsa masekondi 55.0, 55.1 ndi 55.1, pamene onse atatu a John Devitt wa ku Australia adaonetsa 55.2. Koma oweruza oona ndi maso adagawanika, ndipo wamkulu wawo adapereka golide kwa Devitt. Mkangano umenewo udathandiza kufulumizitsa makina aja oti wosambira amaimitsa yekha nthawi pokhudza khoma. Makina otero ndi a maiwe akuluakulu. Pa mipikisano ya ana ngati uwu, makina ake ndi chala cha malume wa ku Mbulumbuzi.

Pofika masana ndidali nditapsa ndi dzuwa, thalauza litanyowa mpaka m'maondo, koma mtima utayamba kutsika. Itakwana nthawi ya mwana wathu adandisuntha kupita kanjira kena, ati munthu sagwirira wotchi magazi ake. Ndidamuonera chammbali. Adamaliza wachitatu pa kasambiridwe kachule kaja, ndipo potuluka m'madzi sadafunse za nambala yake, adafunsa za masekondi. Adadula awiri pa nthawi yake yakale. "Ankolo, mwaona?" Ine ndikadakonda akadamati amalume, koma tsikulo ndidavomera. Ndidakumbuka kuti dziko lino latumizapo osambira ku Olimpiki: Joyce Tafatatha ku London mu 2012, Ammara Pinto ndi Brave Lifa ku Rio mu 2016, Jessica Makwenda ndi Filipe Gomes ku Tokyo mu 2021, Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Ku Lilongwe kudamangidwanso dziwe lalikulu pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 mu 2022. Koma wosambira aliyense amayambira pa kadziwe ngati kaja, ndipo nthawi yake ikapanda kulembedwa ndi munthu wokhulupirika, palibe amene angamusankhe kupita patsogolo.

Ndikadalekera pamenepa mukadati munthuyu adagonja. Ayi, thangata ndidamupezadi tsiku limenelo, kungoti sadali pamene ndinkamufunafuna.

Mmodzi mwa anzanga awiri a wotchi aja adali bambo wachikulire, wofatsa, wodziwa ntchitoyo kuposa tonse. Pa nthawi yopuma ndidamufunsa kuti wake ndi uti pa ana aja. Adayang'ana uku ndi uku. "Ine mulibe wanga muno, achimwene. Ndine dalaivala. Abwana anandituma kuti ndidzaimire banja." Ndidafunsa ngati Lowerukalo amalipidwa padera. Adangoseka. Kwawo n'ku Namitambo, ndipo ana ake sadaonepo dziwe la simenti. Abwana akewo ndidawaona madzulo, atabwera kudzajambula mwana wawo pa foni akulandira mendulo.

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo limodzi lomwelo likugwa mosiyana pa mabanja atatu. Wolemera amalipira chindapusa osamva kuwawa, kapena amatuma wantchito. Wapakati amabwera yekha pa galimoto yake, n'kutaya Loweruka lokha. Wosauka amataya tsiku la ganyu kapena la msika, kuonjezapo minibasi zinayi, ndipo akadwala tsiku limenelo wolangidwa ndi mwana amene sadalakwe kanthu. Pa pepala onse ndi ofanana, mipikisano itatu itatu.

Chindapusa pachokha sindidana nacho monga ndinkaganizira poyamba. Ndili m'minibasi pobwerera ndidakumbuka kuti kumudzi kwathu nakonso chilipo. Mwamuna wozemba kukumba manda kawirikawiri amaitanidwa kubwalo, nkhuku n'kutuluka, ndipo palibe amene amatchula thangata. Chifukwa chake n'chodziwika: lamulolo tidapangana tokha, amfumu amadziwa amene akudwazika ndi amene akungozemba, ndipo manda okumbidwawo tsiku lina adzakhala a kwanu. Ku Magomero wopanga lamulo adali wina, wogwira ntchito wina, wokolola thonje yemwe uja wopanga lamulo. Muyeso wanga tsopano ndi umenewo. Ine ntchito ya wotchi ija idapindulira mwana wa mlongo wanga. Nanga bambo wa ku Namitambo uja idamupindulira chiyani?

Ndiponso tisamanamizane kuti anthu a kuno ndi aulesi pa ntchito yothandiza. Namondwe Freddy atagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe mu Malichi 2023, anthu adathamangirako ndi makasu popanda wowalembera kalata. Phala limene ana amamwa m'sukulu zambiri, monga lija la bungwe la Mary's Meals limene lidayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, limaphikidwa ndi makolo odzipereka amene amadzuka kusadache. Ndati makolo? Tinene zoona abambo anzanga, pa mphika paja pamakhala amayi. Ku dziwe kuja nakonso, ukachotsa madalaivala, amuna tidali owerengeka. Ife timadziwa kusayina kalata, wokagwira ntchito n'kukhala mkazi.

Mphunzitsi uja adasunga lonjezo, tidakambirana. Iye adati asadaike chindapusa, pa mpikisano pankabwera makolo omwewo asanu ndi mmodzi chaka chonse mpaka adatopa, ndipo tsiku lina ana adadikira maola awiri padzuwa kusowa ogwira wotchi. Ndidamumvetsa. Ine ndidapempha zitatu zokha, ndipo ndidazibwereza pa msonkhano wa makolo. Choyamba, lamulo lotere lizipangidwa ndi makolo onse pamsonkhano, osati komiti ya anthu a magalimoto okhaokha. Chachiwiri, ntchito iziwerengedwa ya mitundu yonse: wina sangathe Loweruka koma angathe kusoka mbendera, kukonza mabenchi kapena kuperekeza ana pa ulendo. Chachitatu, chimene chidautsa phokoso, wotumidwa asakhale munthu wolembedwa ntchito pakhomo panu, pokhapokha mutamulipira tsikulo pamaso pa komiti. Ndipo kulakwa kwa kholo kusachotse mwana m'madzi. Chimenecho ndi chachinayi, ndavomera, masamu adandivuta kalekale.

Bambo wina wa tayi adaimirira n'kunena kuti zochitika pakati pa iye ndi wantchito wake si nkhani ya kalabu. Ena adaomba m'manja, ena adang'ung'udza. Wapampando adati nkhaniyo ikaonedwa ndi komiti.

Chimene chikundisowetsa tulo tsopano chili kwathu konkuno. Ana a ku Chiradzulu amasambira tsiku ndi tsiku nyengo yotentha, m'Mombezi, m'madamu, ngakhale m'maenje otsala poumba njerwa mvula ikagwa. Ku Blantyre kuja ana asanu ndi mmodzi akalowa m'madzi oyera oonekera pansi, akuluakulu oposa 20 amakhala atawazungulira. Kuno ana 20 amalowa m'madzi amatope popanda wamkulu ndi mmodzi yemwe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira m'madzi pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Ndidakaitula nkhaniyi kwa amfumu a m'mudzi mwathu, kuti bwanji tizisinthana, munthu mmodzi wamkulu azikhala pa dziwe la kumtsinje masana a Loweruka ndi Lamulungu. Amfumu adavomera, koma adandiyang'ana nthawi yaitali. "Kodi si inu munkakana njerwa aja?" Ndidati ndine. Adati ndiye dzina loyamba pa mndandanda likhale langa.

Komiti ya ku Blantyre ija sidayankhebe. Mpikisano wachiwiri ndidapita, ulendo uno atandiika kumapeto kwa dziwe kuona ngati ana akukhudza khoma ndi manja onse awiri. Bambo wa ku Namitambo adaliponso, kanjira kachinayi, wotchi ili m'khosi. Ndidamugulira Fanta, iye n'kundibwereka chipewa.